Masewero Akale Okonzedwanso: Kodi Ndi Oyenera Ana Athu Ongoyamba?



Tsiku lina titaweruka ku madrassa, bambo ena anatipeza pakhonde atanyamula foni. Mwana wawo wa zaka 12 ankaumirira kuti amgulire sewero lotchedwa Final Fantasy, limene msuweni wake wa ku Johannesburg anamuuza kuti ndi lokoma. Funso lawo linali lalifupi: "Amuallimu, ndigule kapena ndisagule?" Sitinawayankhe pomwepo. Tinapempha masabata awiri kuti tiyambe taliona tokha seweroli ndi ena ofanana nalo.

Masewero amtunduwu pachingerezi amawatcha RPG. Wosewera amakhala ngwazi ya m'nthano. Amayenda m'midzi kufunsa anthu njira, amagula zida, amamenyana ndi zilombo, ndipo mphamvu zake zimakwera pang'onopang'ono. Final Fantasy yoyamba inatuluka ku Japan m'chaka cha 1987, yopangidwa ndi kampani ya Square. Kuyambira m'chaka cha 2021 magawo 6 oyambirira anatulutsidwanso atakonzedwa, ndi dzina loti Pixel Remaster, ndipo amapezeka pa foni ndi pa kompyuta. Nthano yake ndi yomwe ija yakale. Chimene anakonza ndi zithunzi, nyimbo ndi zina zimene zinkatopetsa.

Kunena zoona, zotopetsazo zinali zambiri. Kale munthu akangoyenda pang'ono kunja kwa mudzi, chilombo ankati chamtulukira, ndipo ankatha maola akumenyana ndi zilombo zomwezomwezo kuti apeze mphamvu. M'makonzedwe atsopanowa muli mapu osonyeza njira, ndipo kuyambira m'chaka cha 2023 anaikamonso mwayi wozimitsa nkhondo zodzidzimutsazo ndi wokweza mphamvu mofulumira mpaka kanayi. Wongoyamba sakhumudwanso msanga ngati kale.

Koma ife chimene chinatikhudza kwambiri ndi china. M'sewero loyambirira lija munali malo owerengeka pamene munthu ankatha kusunga pamene wafika. Akalowa m'phanga, ankayenera kupirira mpaka atulukemo, apo ayi ntchito yonse yatayika. Taganizani mwana ali m'phangamo, adhana ya Asr n'kumveka. Adzayankha kuti "ndikubwera", ndipo "ndikubwera" ameneyu timamudziwa tonse kuti amakafika ku Maghrib. M'sewero lokonzedwali munthu angathe kusunga pafupifupi paliponse kunja kwa nkhondo, ndiponso limadzisungira lokha. Kotero mwana alibe chonamizira. Kholo likati aike pansi foni akachite wudhu, palibe chimene ataye. Tionjezere kuti seweroli mumalipira kamodzi, silikhala likupempha ndalama zina pakati pa ulendo monga amachitira masewero ambiri otchedwa aulere.

Pali zina zimene kukonza sikunachotse. Choyamba ndi kuwerenga. Nthano yonse ili m'mawu olembedwa, ndipo Chichewa mulibe. Mwana amene chingerezi chikumuvutabe amangodina kudumpha mawuwo, kenaka n'kusokera osadziwa kolowera. Chachiwiri ndi nthawi: gawo la 6 lokha limatha kudya maola oposa 30.

Tinayesanso Baldur's Gate, sewero la ku Canada la m'chaka cha 1998, limene linakonzedwanso mu 2012. Ili ndiye silichitira chifundo mlendo. Linasunga malamulo ake akale, moti nambala ya chovala chankhondo ikamatsika m'pamene chovalacho chili cholimba. Ife amene tinakhala pansi ndi cholembera zinatizunguza mutu, nanga mwana?

Chachitatu, chimene kholo la Chisilamu liyenera kuchidziwa lisanatulutse ndalama, ndi zimene zili m'nthanozi. Muli matsenga ndi milungu yopeka. Mu Baldur's Gate ngwazi yake imadzazindikira kuti ndi mwana wa Bhaal, amene m'nthanomo amamutcha mulungu wa kupha. Mu Dragon Quest III, ya mu 1988 imene inapangidwanso mu 2024, mnzako akafa umapita naye kwa wansembe, kulipira ndalama, iye n'kuuka. Mu Final Fantasy, kuyambira gawo la 3, wosewera amaitana ziwanda kuti zimuthandize pankhondo, ndipo chimodzi dzina lake ndi Ifrit. Ophunzira athu amalidziwa dzinali kuchokera mu Surah An-Naml, pa nkhani ya Mneneri Sulaiman (A.S.) ndi majini. Mnyamata amene Tawheed yake yakhazikika amaona kuti izi ndi zopeka, monga nthano za Kalulu. Wamng'ono amene akuphunzira kumene Aqeedah akhoza kusakaniza za m'Qur'an ndi za m'sewero, makamaka ngati palibe wamkulu womufunsa.

Masabata awiri atatha bambo aja anabweranso. Tinawauza kuti Baldur's Gate aiwale kaye. Final Fantasy yoyamba, imene ndi yaifupi ndiponso yosavuta kutsatira, tinati angathe kumgulira ngati iwo adzakhala naye pamkeka masiku oyamba, mwanayo akuwerenga mokweza ndi kuwamasulira m'Chichewa. Anaseka nkunena kuti chingerezi chawo chinathera Sitandade 8. Tinagwirizana kuti mlongo wake wamkulu wa ku sekondale ndiye azikhala naye, Loweruka ndi Lamlungu lokha, ndipo adhana ikamveka foni izibwerera m'thumba mwa bambo.