Bere Likachotsedwa, Pali Zimene Mungachite

Amayi anzanga, ambiri mwa ife tikamva chotupa m'bere timazengereza kupita kuchipatala poopa kuti akatichotsa bere. Kuzengereza kumeneku n'kumene kukutitengera amayi ambiri, chifukwa ochuluka m'Malawi muno amafika kwa dokotala khansa itafalikira kale. Choncho ndi bwino mudziwe zimene zingachitike opaleshoni ikatha.

Madokotala ali ndi njira ziwiri zoumbira bere lina. Yoyamba ndi kuika kathumba ka silikoni pansi pa khungu kapena mnofu wa pachifuwa. Kathumba kotere kanayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1962 ku Houston, ku America. Opaleshoni yake ndi yaifupi, koma kathumbako sikakhala mpaka kalekale. Kangafunike kusinthidwa, ndipo bere likhoza kulimba ngati mwalandira radiotherapy.

Yachiwiri ndi kutenga khungu ndi mafuta, nthawi zina ndi mnofu womwe, pamimba kapena kumsana kwanu n'kuumbira bere. Imatenga maola ambiri ndipo mumatsala ndi chilonda chachiwiri, koma bere lake limakhala lofewa komanso lokhalitsa.

Bere loumbidwa silitulutsa mkaka ndipo silimva kukhudza ngati loyamba. Komabe silibweretsanso khansa, ndipo ndi bere lotsalalo mukhoza kuyamwitsa mwana wobadwa mutamaliza mankhwala, dokotala akavomereza.

Kuno kwathu madokotala odziwa ntchitoyi ndi ochepa kwambiri, ndipo kukachitira kunja kumafuna ndalama zambiri. Amayi ambiri amabwerera kumudzi mbali ina ya chifuwa ili yaphwatalala. Apa mpamene mungathandizane m'bungwe lanu. Bere lovala limasokedwa ndi nsalu yofewa, kuikamo thonje, n'kulilowetsa m'kamisolo chilonda chikapola. Mayi akavala bulauzi, palibe angazindikire. Mulimbikitseninso kutambasula mkono wa mbali imeneyo monga anamuphunzitsira kuchipatala, ndipo mkonowo ukayamba kutupa abwerere msanga. Amuna awonso amafunika kuwafotokozera bwino, kuti asamuthawe mkazi wawo.

Mukamva chotupa, kapena nsonga ya bere ikalowa mkati kapena kutulutsa magazi, pitani sabata lomwelo ku Mua, ku chipatala cha boma cha Dedza kapena china chapafupi. Pakafunika adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Chotupa chikakhala chaching'ono, nthawi zina amachotsa chokhacho, bere n'kutsala. Funsani dokotala ngati zingatheke kwa inu.