Kuika turbo pa galimoto zing'onozing'ono zakale: mmene zimachitikira ndi zimene malamulo akunena

KASUNGU: Chaka chilichonse msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimayamba kuyenda m'midzi ya m'boma la Kasungu, ndipo mwa katundu amene alimi ndi ana awo amathamangira kugula muli galimoto zing'onozing'ono zogwirapo kale ntchito zochokera m'dziko la Japan. M'dera la mfumu yaikulu Lukwa, monganso m'madera ena olima fodya, galimoto zoterezi ndizo zimathamangira ndi odwala kuchipatala, kunyamula feteleza komanso kutengera anthu pa boma.

Koma pali chizolowezi china chimene chidakhazikika kalekale m'dziko la South Africa, chomwe achinyamata athu akuchiona pa mafoni awo komanso kuchimva kwa abale awo amene amagwira ntchito ku Joni. Ichi ndi chizolowezi chotenga galimoto yaing'ono yakale, kuyiika chipangizo chotchedwa turbo, n'kuyisandutsa galimoto yochitira mpikisano wa liwiro. Nkhaniyi ikukhudza apolisi apamsewu, ogwira ntchito yoyeza galimoto, akuluakulu a makhonsolo ngakhalenso mafumu, chifukwa galimoto yosinthidwa mosatsata ndondomeko imayenda mumsewu womwewo umene mumayenda ana asukulu, akabaza ndi ngolo.

Kodi turbo imagwira bwanji ntchito?

Injini ya petulo imapeza mphamvu potentha mafuta osakanikirana ndi mpweya mkati mwa masilinda. Kuti petulo apse bwinobwino, gawo limodzi la petuloyo limafuna magawo pafupifupi 14.7 a mpweya potengera kulemera kwake. Choncho kuthira mafuta ambiri pakokha sikuwonjezera mphamvu ngati mpweya uli wochepa. Injini yaing'ono, monga ya 1,300cc, imakoka mpweya wochepa, ndipo n'chifukwa chake mphamvu yake imakhalanso yochepa.

Turbo imachita zimene mvukuto umachita pa ng'anjo ya wosula makasu: imakankhira mpweya wambiri pamoto. Mkati mwake muli timawilo tiwiri ta mapiko tolumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi. Utsi wotentha wotuluka mu injini, umene ukadangotayika kudzera mu ekizozi, umazunguza kawilo koyamba. Kawilo kachiwiri kamazungulira limodzi nako, n'kumakoka mpweya wa kunja ndi kuupanikizira m'masilinda. Timawiloti timatha kuzungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo utsi umene umatizunguza umatha kutentha kupitirira madigiri 800.

Luso limeneli silachilendo. Katswiri wa ku Switzerland, Alfred Büchi, adalembetsa nzeruyi m'chaka cha 1905, ndipo idayamba kugwira ntchito pa injini zikuluzikulu za sitima ndi ndege. Kampani ya General Motors ya ku America idayamba kugulitsa galimoto za anthu wamba zokhala ndi turbo mu 1962. Lero lino malole ambiri a dizilo amene amanyamula mabelo a fodya amachoka kufakitale ali kale ndi turbo.

Palinso chifukwa china chimene chimachititsa chipangizochi kukhala chokopa kuno kwathu. Zigwa za Kasungu zili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja ya mchere, ndipo malo akamakwera mpweya umapepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake pa mamita 1,000 aliwonse. Mzinda wa Johannesburg, umene uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, umataya zoposa pamenepo. Turbo imabwezera mbali yaikulu ya mphamvu yotayikayo.

N'chifukwa chiyani amasankha galimoto zazing'ono zakale?

Galimoto zotere ndi zotsika mtengo, zopepuka, ndipo zipangizo zake zimapezeka mosavuta. Galimoto yolemera makilogalamu osafika 1,000 sifuna mphamvu yochuluka kuti ithamange kwambiri.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi Toyota Starlet. Kampani ya Toyota idapanga Starlet wamba yokhala ndi injini ya 1,300cc yotchedwa 4E-FE, imene mphamvu yake inali ya akavalo pakati pa 75 ndi 100 malingana ndi chaka komanso msika. Idapanganso mitundu ina iwiri, GT Turbo ndi Glanza V, yokhala ndi injini ya kukula komweko koma ya turbo, yotchedwa 4E-FTE, ya mphamvu ya akavalo pafupifupi 135. Starlet ya mtundu umenewu idasiya kupangidwa mu 1999 ndipo m'malo mwake mudalowa Vitz, galimoto imene yadzaza m'misewu ya dziko lino.

Ku South Africa achinyamata amakonda Volkswagen Citi Golf, imene idapangidwa ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009, komanso Toyota Tazz ndi kagalimoto konyamula katundu ka Nissan 1400.

Phunziro lalikulu lili pa Starlet yomweyo. Pamene a Toyota ankaika turbo sadangomangirira chipangizocho pa injini wamba. Adasintha mapisitoni, adachepetsa kupanikizika kwa mpweya mkati mwa masilinda, adaika chipangizo choziziritsira mpweya ndipo adalimbitsa mabuleki. Apa ndi pamene amakaniko ambiri apansi pa mtengo amalakwitsa, poganiza kuti ntchito yonse ndi kuwotcherera paipi ndi kumanga mabawuti anayi.

Zimene ziyenera kusinthidwa

Choyamba ndi mkati mwa injini. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo ukatentha mopitirira muyeso petulo amaphulika yekha nthawi yake isanakwane. Woyendetsa amamva kaphokoso ngati ka timiyala m'chitini. Kuphulika kotereku kumaswa mapisitoni, kupsereza gasiketi ndiponso kupinda zitsulo zimene zimalumikiza mapisitoni ku kirankishafuti. Injini imene yayenda kale makilomita 200,000 imatha kufa m'masabata ochepa. N'chifukwa chake akatswiri amaika mapisitoni olimba komanso chipangizo chotchedwa intercooler, chimene chimaziziritsa mpweya usanalowe mu injini.

Chachiwiri ndi mafuta. Mpweya ukachuluka petulo nayenso ayenera kuchuluka molingana. Izi zimafuna pampu yamphamvu, ma injector aakulu ndi kompyuta ya injini yokonzedwanso ndi munthu wodziwa, amene amayeza galimotoyo pa makina apadera. Petulo akachepa, moto wa m'silinda umatentha kwambiri mpaka kusungunula pisitoni. Petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba ntchito. Ethanol amathandiza kuchepetsa kuphulika kosayenera kuja, koma mphamvu yake pa lita ndi yochepa poyerekeza ndi petulo, kotero wokonza injini ayenera kuwerengera zimenezi.

Chachitatu ndi oyilo ndi madzi. Kachitsulo ka pakati pa turbo kamayandama pa oyilo, ndipo oyilo akakhala wakuda, wachinyengo kapena wochepa, turbo imatha msanga. Ledieta yaing'ono ya galimoto wamba nayonso imalephera kuziziritsa injini yotere, makamaka m'mwezi wa Okutobala. Vuto lina lalikulu m'madera ngati kwa Lukwa ndi fumbi. Anthu ambiri amachotsa bokosi la sefa ya mpweya n'kuika sefa yapoyera kuti galimoto izimveka phokoso lokoma. Mumsewu wadothi m'chilimwe, fumbi lodutsa pa sefa yotere limadya mapiko a turbo ndi makoma a masilinda ngati sandipepala.

Chachinayi, chomwe ndi chofunika koposa, ndi zonse zimene zimagwira ndi kuimitsa galimoto: kilatchi, giyabokosi, mashokabu, matayala ndi mabuleki. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti galimoto iime umawirikiza kanayi. Galimoto imene imaima pa mamita 20 ikamathamanga makilomita 60 pa ola idzafuna mamita pafupifupi 80 ikamathamanga makilomita 120 pa ola, osawerengera mtunda umene imayenda woyendetsa asanaponde buleki. Mumsewu wadothi mtundawu umatalikirapo. Tayala lililonse lilinso ndi chilembo m'mbali mwake chosonyeza liwiro limene lingapirire, ndipo matayala akaunjika amakhala atatha kale mphamvu.

Pafupifupi zipangizo zonsezi zimachokera kunja ndipo zimafuna ndalama zakunja. Ntchito ikachitika moyenera, ndalama zake nthawi zambiri zimaposa mtengo umene munthu adagulira galimotoyo. Amene amachepetsa ndalama amayamba ndi kusiya mabuleki ndi matayala, chifukwa sizimveka phokoso ndipo sizioneka kwa anthu.

Kumene mpikisano umachitikira

M'maiko oyandikana nafe masewerawa ali ndi mabwalo ake komanso mabungwe owayang'anira. Ku South Africa kuli bwalo la Kyalami pafupi ndi Johannesburg, limene lidatsegulidwa mu 1961 ndipo lidachititsa mpikisano wa Formula One komaliza mu 1993. Kulinso Zwartkops pafupi ndi Pretoria, Killarney ku Cape Town, ndi Tarlton kumene galimoto zimapikisana pa mtunda wowongoka wa mamita 402. Bungwe la Motorsport South Africa ndilo limapereka ziphaso kwa oyendetsa ndi kuvomereza mipikisano. Ku Zimbabwe kuli bwalo la Donnybrook mumzinda wa Harare.

Dziko la Zambia lidatchuka ndi mpikisano wa m'misewu yadothi yotsekedwa. Satwant Singh wa m'dzikolo adakhala katswiri wa mpikisanowu mu Africa kasanu ndi katatu, Muna Singh adapambana mu 2004 ndi 2005, ndipo Jassy Singh adapambana mu 2013. Ku Kenya mpikisano wa Safari Rally, umene udayamba mu 1953, udabwerera pa mndandanda wa mipikisano ya dziko lonse mu 2021.

M'malo onsewa galimoto siloledwa kuyamba mpikisano isanayezedwe ndi akatswiri. Imayenera kukhala ndi zitsulo zolimbitsa denga ndi mbali zake kuti isaphwanyike ikagubuduzika, malamba apadera omangira woyendetsa ndi chozimitsira moto. Woyendetsa amavala chipewa cholimba ndi zovala zosagwira moto msanga. Galimoto zonse zimalowera mbali imodzi, oonerera amakhala kuseri kwa mpanda, ndipo ambulansi imadikira pomwepo. Chitetezo cha pabwalo chimachokera ku zinthu zimenezi, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chimapezeka pamsewu wa M1.

M'Malawi muno mulibe bwalo la phula la mpikisano wa galimoto lofanana ndi Kyalami. Choncho mnyamata amene wawononga ndalama za fodya pokonza galimoto yotere amakayesera liwiro lake pamsewu wa anthu onse, kawirikawiri madzulo, nthawi imene alimi akuchokera kumunda ndipo njinga zopanda nyali zadzaza m'mbali mwa msewu.

Zimene malamulo akunena

Lamulo la za pamsewu la mu 1997 likufuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale yolembetsedwa, yokhala ndi chiphaso cha COF chosonyeza kuti ili bwino, komanso inshuwalansi yoteteza anthu ena. Nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services imasunga nambala ya injini ndi nambala ya chesesi ya galimoto iliyonse. Munthu akachotsa injini n'kuika ina ayenera kudziwitsa nthambiyi kuti zikalata zisinthidwe, apo ayi zolembedwa ndi zimene zili pa galimoto zimasiyana, zomwe zimamubweretsera mavuto pa malo achipikisheni ndiponso pogulitsa galimotoyo.

Mpikisano wa liwiro pamsewu wa anthu onse popanda chilolezo cha akuluakulu ndi mlandu. Kuyendetsa galimoto mosasamala ndi mlandunso, ndipo munthu akafa chifukwa cha kuyendetsa kotereku woyendetsa akhoza kukakhala kundende.

Mbali ya inshuwalansi ndi imene eni galimoto ambiri saiganizira. Kampani ya inshuwalansi imawerengera ndalama zolipira potengera galimoto imene idauzidwa. Mwini wake akabisa kuti mphamvu ya injini idawonjezedwa, kampaniyo ikhoza kukana kulipira zowonongeka pa galimoto yake ngozi ikachitika, ndipo banja limatsala ndi ngongole pamwamba pa chisoni.

Lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO la mu 2023 lidasonyeza kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo chigawo cha Africa ndicho chili ndi chiwerengero chokwera kwambiri cha imfa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, ngakhale kuti chili ndi galimoto zochepa. Oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Munthu wovulala kwambiri kwa Lukwa amayamba wafika pachipatala cha boma cha Kasungu, ndipo akafuna madotolo a mafupa kapena a m'mutu amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 120.

Udindo wa akuluakulu

Oyeza galimoto ayenera kutsegula boneti ndi kufananiza nambala ya injini ndi zikalata, osangoona magetsi ndi hutala. Akapeza turbo pa galimoto imene sidabwere nayo, mabuleki, matayala ndi mapaipi a mafuta ziyenera kuunikidwa mwapadera. Apolisi apamsewu nawonso ayenera kudziwa zizindikiro zake, monga intercooler yoonekera kutsogolo, kaphokoso ka mluzu posintha giya ndi ekizozi yotambalala.

Makhonsolo ndi mafumu ali ndi mphamvu pa nkhani ya malo. Ngati achinyamata akufuna masewerawa, njira yoyenera ndi kukhazikitsa kalabu yolembetsedwa, kupeza malo otchingidwa kutali ndi sukulu ndi misika, ndi kupempha chilolezo kwa apolisi ndi khonsolo, monga mmene anzathu a ku Zambia amachitira. Sukulu zophunzitsa ntchito zamanja pansi pa bungwe la TEVETA zingathandizenso, chifukwa mmakaniko wodziwa turbo ndi kompyuta ya injini amafunika kwambiri pokonza malole, mathirakitala ndi galimoto za boma zamakono.

Kwa mlimi amene wagulitsa bwino fodya chaka chino, langizo la amakaniko odziwa ntchito n'lakuti ndalama zimene akadagulira turbo agulire matayala atsopano anayi, mabuleki abwino ndi oyilo weniweni, ndipo asinthe sefa ya mpweya pafupipafupi m'nyengo ya fumbi. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika, ndipo galimoto yosamalidwa chotere idzanyamulabe feteleza ndi odwala kwa zaka zambiri.