Kodi Nafaqa ya Mwana wa Pasukulu Imatha Liti?

Talaka imathetsa ukwati koma sichotsa ubambo. Chakudya, chovala ndi pogona pa mwana, Shariya yasenzetsa bambo ake, osati amalume, ngakhale mwanayo akukulira kuchikazi.

Abambo ena amadula thandizo mwana akangokwanitsa zaka 18, ponena kuti malamulo a dziko, chisinthireni mu 2017, ubwana amaulekeza pamenepo. Komatu Shariya siwerenga zaka zokha. Imayang'ana ngati mwanayo angathe kudzipezera yekha. Ma Ulama ambiri adanena kuti mnyamata wotha msinkhu, amene maphunziro akumulepheretsa kugwira ntchito, apitirize kuthandizidwa, bola akhale wakhama. Kumudula ali Folomu 4 ndiko kumutumiza kukakoka makoka asanalembe MSCE. Kunena za mtsikana, ambiri adati nafaqa yake imalekeza akakwatiwa.