Ngozi Yocokera Kumwamba pa Nchito Yomanga

Mmisiri amene ali pamwamba pa nsanja amaopa kugwa, ndipo amacenjera. Koma mnzace wosakaniza matope pansi saopa kanthu, pakuti mapazi ace ali pa nthaka. Komatu iyeyu ndiye amene njerwa, nyundo kapena sipanala zimampeza.

Cinthu cikamagwa, liwiro lace limakula m'njira monse. Njerwa yocokera pa msinkhu wa mapazi 100 imafika pansi m'masekondi awiri ndi theka, iri kuthamanga mamailosi 55 pa ora, monga galimoto pa mseu wabwino. Pamene wina apfuula kuti acenjeze anzace, njerwayo yafika kale. Tsono khoma la Kariba, limene linamangidwa pa Zambezi kuyambira 1955 kufikira 1959, ndi lalitali mapazi 420. Anchito 86 anafa pomanga khomalo, pa ngozi zamitundumitundu.

Cisoti colimba cinayamba kukakamizidwa pa nchito zazikuru ku America, monga pa mlatho wa Golden Gate m'caka ca 1933. Mphamvu yace siiri m'cigoba cokha ai. M'kati mwace muli malamba amene amasiya mpata pakati pa cisoti ndi mutu, ndipo malambawo ndiwo amalandira nkhonya ya cinthu cogwaco. Munthu woika fodya kapena nsanza mu mpata umenewo waononga cisoti cace. Ena amacibvula cifukwa ca kutentha kwa mwezi wa October. Cifukwa cace ncomveka, koma cigaza sicilimba m'cilimwe kuposa m'dzinja.

Ngakhale ziri tero, cisoti sicingaletse mtanda wa citsulo. Cofunika koposa ndico kuti cinthu cisagwe konse. Kapitao wodziwa nchito amakhomera thabwa m'mphepete mwa nsanja kuti phazi lisakankhire njerwa pansi, amatsitsa zida m'ndowa ndi cingwe m'malo moziponya, ndiponso salola munthu kudutsa kunsi kwa katundu wolenjekeka.

Pali ngozi yina yobisika. Munthu wogundidwa m'mutu angathe kudzuka, naseka, nabwerera ku nchito, pamene mwazi uli kukha pang'onopang'ono m'kati mwa cigaza. Patapita maora angapo amayamba kusanza, kusinza ndi kusokoneza mau. Wotere anzace asamlole kukagona yekha ku komboni. Apite naye ku cipatala tsiku lomwelo.