Zoologia: zomwe mwana wanu akaphunzire chaka choyamba

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso olowera ku yunivesite zikatuluka, makolo a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba amandifunsa funso limodzi lomwelo: "Aphunzitsi, mwanayu akuti akukaphunzira za zinyama. Kodi akamaliza azikalondera njovu kuthengo, kapena azikabaya ng'ombe jekeseni?" Ntchito ziwirizo n'zolemekezeka, koma phunziro lomwe ndimaphunzitsa, lomwe pa ndandanda ya sukulu limalembedwa kuti Zoologia, siliyambira kumeneko. Mwana angathe kumaliza chaka choyamba osajambulako mkango n'kamodzi komwe. Lero tiyeni tilowe m'kalasimo, muone chomwe ndalama zanu za fodya, thonje ndi soya zikukalipirira.

Kuno kumpoto kwa Mozambique malo ophunzirira alipo. Universidade Lúrio, yomwe inakhazikitsidwa mu 2006 n'kutenga dzina la mtsinje wathu wa Lúrio, ili ndi likulu ku Nampula, sukulu ya sayansi ya zachilengedwe ku Pemba, ndi ya zaulimi ku Unango m'boma la Sanga. Universidade Católica de Moçambique ili ndi sukulu ya zaulimi ku Cuamba, pomwe Universidade Rovuma imasula aphunzitsi ku Lichinga. Kaya mwana akufuna kudzakhala mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi wa Biologia kapena wofufuza, m'zaka zinayi za digiri yake sayansi ya zinyama sangaizembe.

Sabata yoyamba timayamba n'kumukulitsira bwalo. Kwa ife udzudzu ndi chinyama, nkhono ndi chinyama, njoka ya m'mimba mwa mwana nayonso ndi chinyama. Mitundu ya zinyama yomwe asayansi anailemba kale imapitirira 1.5 miliyoni, ndipo pafupifupi miliyoni imodzi mwa iyo ndi tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi. Zoyamwitsa zonse, kuyambira mbewa mpaka njovu ndi munthu yemwe, zili m'ma 6,500 basi. Zinyama za msana zonse pamodzi, nsomba, achule, njoka, mbalame ndi zoyamwitsazo, sizipitirira 5 pa 100 iliyonse. N'chifukwa chake miyezi yoyamba imathera pa zopanda msana. Mwana amatunga madzi padambo, n'kuika dontho limodzi pa kagalasi, n'kusuzumira pa maikulosikopu. Zomwe waona amazijambula ndi pensulo. Sitifuna luso la chithunzi ayi. Tikufuna kuti dzanja likakamize diso kuwerenga miyendo, kuona pomwe pali kamwa ndi pomwe pali mchira.

Kenako amaphunzira kusiyanitsa. Mu 1758 Carl Linnaeus wa ku Sweden anakhazikitsa dongosolo lomwe tikutsatabe, loti chinyama chilichonse chikhale ndi maina awiri a Chilatini, kuti wofufuza wa ku Lichinga ndi wa ku Zomba akamalemberana adziwe kuti akunena chinthu chimodzi. Ophunzira amadandaula ndi mainawa, koma phindu lake limaonekera pa nkhono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'labotale mwambiwu timauchitadi. Nkhono yakumtunda ili ndi maso kunsonga kwa nyanga zake, pomwe ya m'madzi yomwe imatisautsa ili ndi maso m'tsinde mwa nyangazo. Mukagwira chigoba, nsonga ili m'mwamba, khomo lake likuyang'ana kwa inu, onani mbali yomwe khomolo lili. Likakhala kumanzere, chigobacho chili chaching'ono komanso chopanda chitseko, mwina mwagwira Bulinus, nkhono yomwe imasunga likodzo la m'chikhodzodzo. Chikakhala chophwatalala, chozungulira mopanda nsonga, ndi Biomphalaria, ya likodzo la m'matumbo. Khomo likakhala kumanja, chigoba chopyapyala cha pakamwa patali, ndiye mwapeza nkhono yomwe imapatsa ng'ombe ndi mbuzi tizilombo ta m'chiwindi. Kwa munthu wodutsa zonsezi ndi nkhono basi, chonsecho iliyonse ili ndi matenda akeake.

Apa ndi pomwe pagona mtima wa phunziro lonse, ndipo ndimakhalitsapo. Za chinyama chilichonse timafunsa kuti moyo wake umayenda bwanji kuchokera pa dzira mpaka pa dzira lina. Tengani likodzo, lomwe kachilombo kake anakapeza Theodor Bilharz ku Cairo mu 1851. Mwana wodwala akakodza m'madzi, mazira amaswa, ndipo kamphutsi kotulukamo kayenera kupeza nkhono ya Bulinus tsiku lisanathe, apo ayi kafa. Kakalowa m'nkhono kamachulukana kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, mpaka nkhono imodzi imayamba kutulutsa timphutsi tambirimbiri ta mchira wa mphanda. Timatuluka kwambiri masana dzuwa lili paliwombo, nthawi yomwe ana amasambira ndipo amayi amachapa. Timaboola khungu popanda bala, n'kukakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, momwe tingakhale zaka zingapo tikuikira mazira. Mazirawo ndi omwe amavulaza chikhodzodzo, magazi n'kumatuluka m'mkodzo.

Mwana akamvetsa ulendo umenewu, amaona yekha pomwe ungadulidwe. Mankhwala a praziquantel omwe amagawidwa m'sukulu amapha tizilombo tomwe tili kale m'thupi, koma sateteza wobwerera m'madzi omwe aja. Chimbudzi chimadula ulendowo mazira asanafike kwa nkhono. Madzi osamba akakhala mu ndowa masiku awiri, timphutsi tija timafa tokha. Ndipo kudziwa doko lomwe lili ndi matenda sikufuna makina odula: tolani nkhono mutavala magolovesi, ikani iliyonse m'kapu ya madzi oyera padzuwa kwa maola angapo, kenako yang'anani madziwo ndi galasi lokulitsa. Wophunzira wa chaka choyamba angathe kuchita zimenezi m'mphepete mwa nyanja ya Amaramba.

Funso lomweli timalitengera kumunda. Ntchembere zandonda zinachokera ku America, zinaoneka koyamba kumadzulo kwa Africa mu 2016, ndipo pofika 2017 zinali zitafika m'chimanga cha ku Mozambique ndi Malawi. Mwana amaphunzira kuzisiyanitsa ndi kapuchi: pamutu pali chizindikiro cha Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli madontho anayi akuda oyalana mwa makona anayi. Amaphunziranso kuti mphutsiyo ndi gawo limodzi chabe la moyo wa gulugufe wouluka usiku, yemwe angaikire mazira oposa 1,000. Mphutsi ikakula imabisala mkati mwa nsonga ya chimanga momwe mankhwala safika bwino, ndipo ikakhuta imalowa m'nthaka kukasanduka gulugufe. Choncho mlimi wa ku Massangulo amene wathira mankhwala ataona masamba atang'ambika kale wachedwa, ndipo wapha nyerere ndi timavu tating'ono tomwe timadya mazira ndi mphutsi zija. Amene amayendera munda wake sabata iliyonse chimanga chikadali chanthete, n'kufinya mazira ndi kuthana ndi mphutsi zikadali zazing'ono, amapulumutsa mbewu ndi ndalama zomwe.

Dzombe lofiira nalo ndi mnansi wathu. Madambo a Chiuta ndi Chilwa, omwe timagawana ndi Malawi, ali m'gulu la malo ochepa momwe dzombeli limaswanirana lisanauluke. Mu 1921 Boris Uvarov anaonetsa kuti chiwala chokhala chokha ndi dzombe la m'chigulu zingakhale mtundu umodzi: zikapanikizana malo amodzi zimasintha maonekedwe ndi khalidwe. Mliri womwe unayamba mu 1930 unasakaza minda m'maiko ambiri a kuno mpaka 1944. Lero bungwe la IRLCO-CSA, lomwe likulu lake lili ku Ndola, limayendera madambowa kuwerenga dzombe kuti lithane nalo lisanasonkhane. Kuwerenga kumeneko, kuti pa dera lakutilakuti pali dzombe lingati, ana athu amayamba kukuphunzira pabwalo la sukulu ndi chingwe ndi kope.

Zinyama za msana zimabwera pambuyo, ndipo ndi pomwe timatumbula. Ambiri amaopa, akuganiza za magazi ndi nkhanza, koma kawirikawiri timagwiritsa nsomba yogula pamsika, ndipo lamulo n'lakuti chinyama chisaphedwe popanda chifukwa. Tsegulani mutu wa mlamba, pamwamba pa ziwalo zake zopumira m'madzi mupeza chiwalo china cha nthambinthambi chomwe chimauthandiza kupuma mpweya wa kunja. N'chifukwa chake mlamba umapirira m'matope, ndipo umapulumuka m'madambo ndi m'mitsinje nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga mu 1968 ndi mu 1995. Tsegulani kamwa la makumba wamkazi nthawi yoswana, mupeza mazira kapena tiana, chifukwa nsombayi imalerera m'kamwa. Msodzi akakoka mayi mmodzi wotere watulutsa m'madzi banja lonse. Mwana amayeza kutalika kwa nsomba zambiri n'kuona msinkhu womwe zimayamba kukhala ndi mazira okhwima. Malamulo a kukula kwa maso a ukonde ndi miyezi yotseka nyanja amachokera pa muyeso woterewu, ndipo amene wauchita ndi manja ake safunanso kuuzidwa chifukwa chomwe neti ya udzudzu siyenera kulowa m'nyanja.

Makolo ena amada nkhawa kuti mwana wakumudzi sangapikisane ndi a m'tauni. M'phunziro lino ndimaona zosiyana. Mnyamata amene anakula akukumba mbewa amadziwa una wa kapuku, amadziwa zomwe imadya ndi mwezi womwe imachuluka. Mtsikana amene anakula akuwedza matemba amadziwa madzi omwe amakonda. Sayansi yeniyeni yayamba kale kulemekeza nzeru zotere. Mu 2016 Claire Spottiswoode, Keith Begg ndi Colleen Begg anasindikiza kafukufuku yemwe anachita ndi alenje a uchi a Chiyao ku Reserva do Niassa. Anapeza kuti mlenje akaitana mbalame ya nsadzu ndi kulira komwe anaphunzira kwa makolo ake, mwayi woti mbalameyo imutsogolere umakwera kuchoka pa 33 kufika pa 66 pa 100 iliyonse, ndipo mwayi wopeza njuchi umawirikiza katatu. Alenjewo ankadziwa kale kuti kuitanako kumagwira ntchito. Chomwe ofufuzawo anawonjezera ndi kuyesa kulira kwina kofanizira, kuwerenga ndi kulemba, kuti aliyense padziko athe kutsimikiza. Bwampini yemwe, amene ena amangomuona ngati ndiwo, bungwe la APOPO linamuphunzitsa kununkhiza mabomba okwiriridwa m'nthaka, ndipo anathandiza pa ntchito yomwe inafikitsa Mozambique polengeza mu 2015 kuti yachotsa mabomba m'malo onse odziwika.

Zovuta zilipo, ndipo sindikubisirani. Maphunziro ndi a m'Chipwitikizi, mabuku ambiri atsopano ndi a m'Chingerezi, ndipo mawu a Chilatini ndi Chigiriki amabwera mazanamazana. Química ndi masamu a kawerengedwe ka zinthu zimagwetsa ambiri omwe anabwera chifukwa chongokonda zinyama. Zipangizo n'zochepa, moti ana angapo amasinthana maikulosikopu imodzi. Ntchito nayo siidikira pakhomo tsiku lolandira digiri. Komabe njira zilipo: uphunzitsi, ulangizi wa zaulimi m'maboma, malabotale a zaumoyo, kafukufuku wa nsomba ku nyanja ya Niassa, malo otetezedwa omwe amayang'aniridwa ndi ANAC, ndiponso maphunziro apamwamba ku Gorongosa, komwe labotale ya E. O. Wilson inatsegulidwa mu 2014.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti zinyama za dziko lino zakhala zikulembedwa ndi alendo. Wilhelm Peters wa ku Germany anachita ulendo wake wa ku Mozambique pakati pa 1842 ndi 1848, ndipo zomwe anatolera zinakasungidwa ku Berlin. Nkhalango ya paphiri la Mabu ku Zambézia, yomwe anthu okhala m'tsinde mwake ankaidziwa kuyambira kale, asayansi anaizindikira mu 2005 pa zithunzi za setilaiti, ndipo atapitako anapeza njoka, birimankhwe ndi agulugufe omwe anali asanalembedwe m'buku lililonse. Ntchito yawo ndimailemekeza. Koma kawirikawiri mlendo amabwera masabata ochepa n'kubwerera, pomwe nkhono, dzombe ndi ntchembere zimasintha mwezi ndi mwezi, ndipo zimafuna munthu amene alipo dzinja ndi chilimwe chomwe.

Choncho kwa iwe wa kalasi 11 kapena 12 amene mtima ukukukokera kuno, usadikire yunivesite. Gula kope, tola ntchembere imodzi, uiike m'botolo loboola chivindikiro lokhala ndi dothi pang'ono, uziidyetsa masamba a chimanga, ndipo tsiku lililonse ulembe deti, malo ndi chomwe waona mpaka gulugufe atatuluka. Limbikira Química ndi masamu monga momwe ukulimbikira Biologia. Ndipo inu bambo ndi mayi, mwana akakupemphani kuti akaphunzire zimenezi, mulekeni apite. Pakati pa Lúrio ndi Lugenda pali madoko, madambo ndi minda zomwe zikufuna munthu wodziwa kuyeza ndi kulemba, wolankhula chinenero cha msodzi ndi mlimi, ndipo munthu ameneyo ayenera kuchokera m'makomo mwathu momwe muno.