Cithunzi Cimodzi Tsiku Lililonse

Kodi mdzukulu wanu adzaudziwa mtondo? Kucokera pamene cigayo cinalanda nchito yake, m'makomo ambiri mtondo ungogona kuseri kwa nkhokwe, ciswe ciri kuudya.

Pali cizolowezi cabwino cimene ena acitsata: kujambula kanthu kamodzi ka panyumba tsiku lililonse ndi kulemba mbiri yake. Pakutha caka akhala ndi zithunzi 365.

Zinthu zimene tizipeputsa ziri ndi mbiri yodabwitsa. Cimanga cimene tisinja cinayamba kulimidwa ku Mexico, ndipo cinafika mu Afirika ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Makina osokera a Singer anayamba mu 1851 ku America. Ngakhale cithunzi cakale koposa cimene cikalipo, cimene Nicéphore Niépce anajambula ku France ca m'ma 1826, cionetsa madenga ndi zipupa cabe, zimene anali kuona pa zenera lake.

Tsono inu makolo, abwerekeni ana foni yanu. Lero ajambule licero, mawa mthiko, mkuca mphika. Akatero akhale pansi nafunse ambuye ao: mphikawu anaumba ndani? Dothi analikumba kuti? Cithunzi cisunga maonekedwe, koma pakasowa wofunsa, nkhani yake ipita kumanda pamodzi ndi nkhalamba.