Foni Ikakhala Msampha: Kusankha Pulogalamu Yothandiza Kusiya Zolaula

Sabata lina madzulo, titamaliza phunziro la zaumoyo lokhudza tulo, bambo wina anatsalira anthu onse akutuluka m'tchalitchi. Atatsimikiza kuti palibe womvetsera, anatulutsa foni yawo n'kuiika patebulo.

"Abale, chimene chimandilanda tulo ndi ichi," anatero motsitsa mawu. "Ndapemphera, ndasala kudya, ndalumbira kangapo kuti ndasiya. Koma banja likagona ndimapezeka ndabwereranso ku makanema olaula. Kodi palibe choika m'fonimu kuti chizinditsekera?"

Ife amene timatumikira modzipereka m'dipatimenti ya zaumoyo talimva funsoli kwa abambo, kwa achinyamata, ngakhalenso kwa amayi. Mapulogalamu otere alipodi, ndipo amathandiza. Koma chimene taphunzira n'chakuti musanasankhe pulogalamu, muyenera kusankha munthu woyenda nanu.

Vutoli ndi lenileni

Mpingo wathu unatulutsa chikalata chotsutsa zolaula mu 1990, pa msonkhano wa General Conference ku Indianapolis. Nthawi imeneyo zolaula zinkapezeka m'magazini ndi m'makaseti, ndipo wozifuna ankachita kuzisakasaka. Lero zili m'thumba la malaya. Nalonso bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, linaikamo vuto lolephera kudziletsa pa khalidwe la zogonana, pamene munthu akupitiriza ngakhale banja, ntchito ndi mtendere wake zikuwonongeka. Si aliyense woonera zolaula amene wafika pamenepo, koma izi zikutikumbutsa kuti kungomuuza munthu kuti "limba mtima" sikukwanira.

Mitundu iwiri ya mapulogalamu

Mtundu woyamba ndi wosefa. Monga sefa imatsakiza misere, pulogalamuyi imaletsa masamba olaula kutseguka. Mtundu wachiwiri sutseka kwenikweni, koma umatumiza lipoti la zimene mwaona kwa munthu amene mwamusankha nokha. Woyamba umachepetsa mpata wochimwa. Wachiwiri umachotsa chinsinsi, chimene chizolowezichi chimadalira kuti chikule.

Zosefera zabwino zilipo zaulere. Mafoni a Android 9 kupita m'tsogolo ali ndi malo otchedwa Private DNS mu Settings, mbali ya netiweki. Mukalembamo family.cloudflare-dns.com, foni imakana kutsegula masamba ambiri olaula, kaya mukugwiritsa ntchito bandulo kapena Wi-Fi. Kampani ya Cloudflare inayambitsa sefa ya mabanjayi mu 2020, ndipo CleanBrowsing nayo ili ndi sefa yaulere yofanana nayo. Pa Google pali SafeSearch, imene imabisa zithunzi zolaula mukamafufuza. Amene ali ndi iPhone angagwiritse ntchito Screen Time, imene inabwera mu 2018, ndipo imatsekedwa ndi nambala yachinsinsi. Kwa ana, Google Family Link imapatsa makolo mphamvu yovomereza mapulogalamu oikidwa m'foni ndi kuika malire a nthawi.

Pa mapulogalamu otumiza lipoti, odziwika ndi Covenant Eyes, imene inayamba ku America mu 2000, komanso Accountable2You ndi Ever Accountable. Covenant Eyes imajambula zooneka pa sikirini nthawi ndi nthawi, n'kuzizimiririka kuti zisaoneke bwinobwino, kenako n'kudziwitsa mnzanu uja pakakhala zokayikitsa. Onsewa ndi olipira, ndipo malipiro ake ndi a ndalama zakunja.

Mafunso asanu musanasankhe

Choyamba, kodi zolaulazo zimalowera khomo liti? Kuno kwathu zambiri sizichokera pa masamba a intaneti. Zimabwera m'magulu a WhatsApp ndi Telegram, pa Facebook, kapena mnzako amakupatsira pa Bluetooth ndi Xender, mwinanso pa memore khadi yodzazidwa pamsika. Sefa ya DNS siona chilichonse mwa zimenezi. Ngati khomo lanu ndi limeneli, mankhwala ake ndi kutuluka m'maguluwo, kuletsa WhatsApp kutsitsa yokha zithunzi ndi makanema, ndi kuphwanya memore khadiyo.

Chachiwiri, ndani akusunga kiyi? Private DNS imazimitsidwa mosavuta ndi mwini foni, ndipo pulogalamu ya VPN ikhoza kuilambalala. Loko amene kiyi yake ili m'thumba mwanu sangakuletseni usiku wa mayesero. Nambala yachinsinsi aike ndi kusunga ndi munthu wina.

Chachitatu, kodi mukwanitsa kulipira mwezi ndi mwezi? Ndalama zakunja n'zovuta kupeza, ndipo si aliyense ali ndi khadi ya kubanki yogulira zinthu pa intaneti. Ndi bwino sefa yaulere imene ikhalitse kusiyana ndi yodula imene isiye kugwira ntchito pakatha miyezi iwiri. Musadule ndalama ya chakudya cha ana chifukwa cha pulogalamu.

Chachinayi, kodi foni yanu ikwanitsa? Mapulogalamu otumiza lipoti amagwira ntchito tsiku lonse, motero amadya batire ndi bandulo. Yesani kaye masiku angapo musanalipire nthawi yaitali.

Chachisanu, kodi pulogalamuyo ikuona zotani, ndipo ikuzitumiza kwa ndani? Mu 2022 magazini ya Wired inalemba za mipingo ina ya ku America imene atsogoleri ake ankagwiritsa ntchito mapulogalamuwa poyang'anira mamembala, ndipo Google inachotsako kwa kanthawi Covenant Eyes ndi Accountable2You pa Play Store. Phunziro lake n'lakuti munthu wamkulu aike pulogalamu yotere mwa kufuna kwake, akudziwa zimene ikuona. Kuika mobisa m'foni ya amuna anu kapena akazi anu kumangoonjezera chinsinsi china m'nyumba imene yatopa kale ndi zinsinsi.

Kusankha munthu

Bambo aja tinawafunsa kuti, "Kodi ndani amene mungamuuze zimene mwatiuzazi?" Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatchula dikoni wina wachikulire.

Munthu woyenera ndi wokhwima maganizo, wosunga chinsinsi, ndipo akhale mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi. Akhale wolimba mtima kufunsa funso lovuta, koma wosathamangira kukanena ku komiti ya mpingo. Mkazi kapena mwamuna wanu ayenera kudziwa choonadi, koma sitilimbikitsa kuti akhale iye wolandira malipoti. Iye wavulazidwa kale, ndipo lipoti lililonse limatsegulanso bala. Nayenso akufunika womumvetsera.

Mugwirizane tsiku lokumana sabata iliyonse, ndipo mugwirizanenso chochita mukagwa: kuimba foni tsiku lomwelo, osadikira kuti lipoti likuululeni. Ngakhale mulibe pulogalamu yolipira, mnzanuyo akhoza kuona foni yanu mukakumana, n'kutsimikiza kuti sefa idakalipo.

Zimene pulogalamu singachite

Yosefe m'nyumba ya Potifara sanakhale pansi kuti akambirane ndi yesero, anathawa. Sefa ndi njira imodzi yothawira, koma siichiza chimene chimakukokerani kumeneko, kaya ndi kusungulumwa, mkwiyo, kutopa, ulova kapena nkhanza zimene munachitiridwa muli mwana. Lembani nthawi ndi malo amene mumagwa kawirikawiri. Ambiri amapeza kuti ndi usiku, pabedi. Tsono foni izigona pabalaza, ndipo alamu ikhale wotchi wamba. Kugona msanga, ntchito yotulutsa thukuta, kupemphera ndi banja komanso kucheza ndi abale zimatseka mipata imene chizolowezichi chimadzeramo. Ngati vutoli likupitirira, kapena labwera ndi kukhumudwa kwakukulu, kaonaneni ndi mlangizi wophunzitsidwa kapena achipatala. Kutero si kuchepa chikhulupiriro.

Pali malire amodzi amene sitingawabise. Zithunzi zolaula za ana ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Nkhani yotere si yothera pakati pa anthu awiri. Iyenera kupita kupolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Bambo aja tinawaikira sefa yaulere tsiku lomwelo, ndipo anatuluka m'magulu awiri a WhatsApp tikuona. Sabata lotsatira tinawaona atakhala pansi pa mtengo ndi adikoni aja. Pa miyezi imene yapitayi agwako kawiri, ndipo maulendo onse awiri anaimba okha foni m'mawa mwake. Foni yawo tsopano imagona pabalaza.